Kiyi wa Shedi

Ndafika wotchi ya pa nsanja isanagunde sikisi,
monga ndachitira zaka makumi atatu ndi ziwiri.
Cardiff akadali m'bulangeti,
mabasi oyamba akutsokomola kumsewu,
chinjoka chija cha pamwamba pa nyumba ya khonsolo
changoti duu, mvula ikuchitsuka msana.

Mitengo ya matcheri yayoyola maluwa usiku wonse.
Njira yangoti mbuu.
Ntchito yanga ndi yomwe ija: kusesa zokongola,
kuzikweza mu wilibala,
kukazikhuthula kuseri kumene alendo sajambulako zithunzi.

Nyumba za pano n'zoyera mbee.
Ana asukulu akamapita ku myuziyamu, awiriawiri,
aphunzitsi amawaloza mizati, amawauza za amisiri,
za mwala umene unachokera kutali.
Ine ndimatsamira tsache, pakamwa ndatseka.
Bambo a bambo anga, a Emlyn, ankakumba malasha ku Rhondda,
kulowa pansi kusanache, kutuluka kutada,
dzuwa ankakumana nalo Lamulungu lokha.
Malasha aja ankatsika ndi sitima mpaka ku doko,
ndipo mzinda unanenepa, n'kuvala zoyera.
Iwo anafika kuno kamodzi kokha, atavala jekete yobwereka.
Anakweza maso mpaka chipewa chinagwa,
analavula zakuda m'kansalu, n'kukapinda bwinobwino,
n'kuti, "Ayi, anamanga.
Tiye tikapeze tiyi."

Pakati pa munda pali chipilala cha ophedwa ku nkhondo.
Anyamata amkuwa akweza nkhata zawo m'mwamba,
manja satopa, nkhunda zawazolowera.
Benchi yachitatu kuchokera pamenepo inali ya Mayi Tegwen.
Lachiwiri lililonse, ndi fulasiki yawo ndi kalumo m'chikwama,
ankadula timphukira ta maluwa anga
akaganiza kuti ndapenya kumbali.
Ndinkapenyadi kumbali.
Chisanu chathachi sanabwere.
Palibe amene anandiuza kanthu,
ndipo ine ndikanafunsa yani? Dzina la bambo awo sindinalidziwe.
Benchiyo ndimaipukutabe.

Masana mvula yakata.
Pa masitepe patsika ukwati wa ku Butetown,
azimayi achisomali, nsalu zawo kung'anima ngati mawindo a tchalitchi,
amalume akukangana za amene aime kutsogolo.
Kamtsikana kena, mano awiri akutsogolo kulibe,
kandikoka malaya:
"Aiwala zomwaza zija. Tingatapeko mu wilibalamo?"
Ndati tapani.
Katapa, katapanso, kaitana anzake,
zonse ndasesa kuyambira m'mawa zauluka pamutu pa mkwatibwi,
zina zonyowa, zina ndi timiyala,
iye kuseka mpaka kugwira mwamuna wake paphewa.
Njira yabwerera mwakale.
Sindinadandaulepo pang'ono chotere chiyambire ntchito.

Heledd, amene akutenga malo anga, ali ndi makina opemerera masamba.
Amalira ngati ng'ombe yomangidwa,
koma mwanayo dothi amalidziwa,
amalinunkhiza kaye asanabzale.
Ndamuuza za paipi imene imaundana mu Januwale,
za nkhandwe yogona kuseri kwa manyowa,
za bambo wa chikhoti chobiriwira amene sayenera kudzutsidwa mwaphokoso.
Za kamtengo ka oki kali pafupi ndi mpanda sindinamuuze.
Pa mapu a khonsolo palibepo.
Ndinakatenga kumtunda kuja, pamwamba pa mgodi wotsekedwa,
kali kanjere chabe, m'thumba la jekete.
Akadzakazindikira kadzakhala katakula,
kudula kudzafuna msonkhano,
ndipo misonkhano ya m'nyumba iyi ndikuidziwa.

Wotchi yagunda folo.
Kiyi ndapereka, akadali wofunda.
Ndadutsa pa udzu, pamene ndaletsa anthu moyo wanga wonse,
kumva kufewa kwake pansi pa jombo.
Pa basi, mayi wina wandiyang'ana, n'kuloza mutu wanga:
"Bambo, muli ndi maluwa m'tsitsi."
Ndati zikomo.
Ndawasiya momwemo.